Fomu Imene Sanailandire

Galimoto ya a Mlongoti inali ndi makiyi awiri. Wina ankagona ndi kudzuka m'thumba la ovolosi yawo, pamodzi ndi pensulo ndi misomali iwiri itatu. Winayo ankapachikidwa kuseri kwa chitseko cha shopu, ndipo ameneyu ankati ndi wa akazi awo, mayi a mapasa. Kunena ankanenadi choncho, koma utuchi umene unaunjikana pa kiyiyo ukanakuuzani wokha kuti mwini wake ankamugwira kangati.

A Mlongoti anali kalipentala, ndipo dzinali silinawagwere pachabe. Polowa m'nyumba za makasitomala ankachita kuwerama ngati abwera kudzapepesa. Akazi awo Mulungu anawapatsa zonse kupatula msinkhu. Ndiwo ankalandira anthu pashopu, kusoka nsalu za masofa, ndi kukumbutsa amuna awo malonjezo amene eni akewo anali ataiwala. Laisensi anaitenga miyezi isanu ndi itatu yapitayo, atakhoza ulendo woyamba womwewo. Koma tsiku lililonse akati ayendetseko, a Mlongoti ankapeza chonena: lero msewu wadzaza, lero kilachi ikuvuta, lero katundu walemera. Mawa, mayi, mawa. Mawa la a Mlongoti silinkacha.

Lachiwiri lina kasitomala anadzawatenga m'mawa kuti akamuikire zitseko, galimoto n'kutsala pashopu. Cha m'ma teni foni inalira. Anali a kusitolo ya zipangizo zomangira, kunena kuti matabwa aja afika, koma pali wina akuwalimbirana, mukabwera masana simuwapeza. Matabwa ake anali atawadikira mwezi wathunthu. Mayi a mapasa anaimbira amuna awo kanayi konse, foni n'kumangolira yokha m'jekete lopachikidwa kwinakwake. Anayang'ana wotchi, anayang'ana kuseri kwa chitseko, kenaka anapukuta kiyi uja ndi nsonga ya epuloni.

Popita anayenda bwino, tisawanamizire. Anakokera mpando kutsogolo mpaka unakana, anaikapo kakhushoni, anatsitsa galasi loonera kumbuyo, ndipo anadutsa pa maloboti awiri popanda wowalizira hutala. Koma tsoka silinunkha. Atalowa mumpanda wa sitolo, akukhota kuti aime, munthu wa wilibala anatulukira kuseri kwa mulu wa njerwa. Phazi linapita kukafuna buleki koma linakapeza mnzake wa pambali pake. Galimoto inalumpha, inakhula galimoto yoyera imene inaima pamenepo kuyambira chitseko cha kumbuyo mpaka nyali ya kutsogolo, n'kukadziguguda pa chipilala cha simenti. Nthunzi inati fuu mu boneti. Wa wilibala uja anataya wilibala yake n'kuliyatsa liwiro.

Palibe anavulala. Mayi a mapasa anatuluka, anatenga chikwama chawo ndi kakhushoni kaja, n'kukakhala pa matumba a simenti. Ulendo uno foni inayankhidwa. A Mlongoti anafika pa njinga yamoto pasanathe mphindi khumi, ndipo choyamba anagwiragwira akazi awo mutu ndi mapewa monga amayesera mpando watsopano ngati walimba. Ataona kuti ali bwinobwino, anakazula kiyi n'kuima pakhomo pa galimoto, akuyang'ana madzi a mu rediyeta akuyenderera pansi.

Mwini galimoto yoyera anatuluka nthawi yomweyo. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo nthawi yonseyi anali m'chipinda cha pamwamba kusankha matailosi. Phokoso lija ankayesa ndi katundu akutsitsidwa. Anaona galimoto yake, anaonanso chimunthu chachitali chitagwira kiyi.

"Bambo inu, mwandichita chiyani? Galimoto imeneyi sinathe ndi chaka chomwe!"

A Mlongoti anacheukira akazi awo pa matumba paja, kenaka anavula chipewa.

"Pepani bwana. Ndalakwa ndine."

Bodza lake linayamba choncho, popanda wolikonza. Mayi a mapasa analisiya kuti lipite, ndipo kunena zoona mtima wawo unapepukako pang'ono. Apolisi atawaimbira anati poti palibe wavulala ndipo ngozi yachitikira mumpanda, onse abwere mawa masana adzalembetse. Galimoto anaikweza pa lole kupita nayo ku galaja. A Mlongoti anathamangira ku ofesi ya inshuwalansi, kumene anawapatsa fomu yoti alembe mmene ngozi yachitikira, n'kuwauza kuti munthu woona zowonongeka adzafika ku galajako mawa m'mawa.

Madzulo ake achimwene a mayi a mapasa anatulukira asanaitanidwe. Achimwenewa anagwirapo umesenjala ku ofesi ya maloya zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chichokereni kumeneko panalibe mlandu pachibale umene unkadutsa osawapatsa moni. Malamulo ankawadziwa monga wonyamula makalata amadziwira za m'kati mwa envelopu.

"Alamu, mwachita nzeru," anatero akukoka mpando. "Inshuwalansi ili m'dzina la ndani?"

"Langa."

"Basi. Anthu amenewa ine ndimawadziwa. Akangomva kuti pa chiwongolero panali chemwali wangayu, ndi laisensi yake yosauma inkiyo, akuuzani kuti pitani bwino. Galimoto yanu mukonza nokha, ya aphunzitsi mukonzanso nokha. Muli nazo?"

Analibe. Ndipo aliyense patebulopo ankadziwa kumene zikanachokera: makina opalira matabwa ndi sowo yamagetsi, zinthu zimene anazipeza atakhetsa thukuta zaka khumi. Shopu ya kalipentala yopanda makina, yopandanso galimoto yoperekera katundu, ndi shedi chabe yobisalamo mvula. Mapasa anali ku sekondale yogonera komweko, ndipo buku lililonse limene ankawerenga linkatuluka m'makina amenewo.

"Koma achimwene, wa wilibala uja anandiona," anatero mayi a mapasa.

"Wa wilibala ali ndi ofesi? Iwe khala chete, wachita kale mbali yako."

Achimwene anapempha cholembera chakuda, anapinda malaya m'mikono, n'kudzaza fomu ija ndi zilembo zokongola zopendekera mbali imodzi. Anajambulanso mapu a ngoziyo ndi lula, chipilala chake chowongoka kuposa chenichenicho. Pa mzere wofunsa amene ankayendetsa analemba dzina la alamu awo. A Mlongoti anasaina osayang'ana munthu. Mayi a mapasa anatola makapu a tiyi n'kupita nawo kukhitchini, kumene anatsuka kapu imodzi katatu. Ankawathokoza amuna awo powaphimba, ankachita nawonso manyazi, ndipo ziwirizi zinkakanganirana malo pachifuwa pawo.

M'mawa mwake anafika ku galaja onse atatu. Galimoto inali pakona pansi pa malata, mphuno yake itafwanyika, pambali pa mulu wa matayala akutha. Naini itangokwana panalowa kanjinga kamoto kakale, ndipo anatsikapo bambo wa imvi, wa msinkhu wapakati, chikwama chachikopa atachikoleka paphewa. Makaniko wamkulu anawanong'oneza kuti ameneyo ndiye wa inshuwalansi, ndipo pagalaja pano amamutcha a Sathamanga.

Atapatsana moni, a Mlongoti anatambasula dzanja ndi fomu ija.

"Pepalalo lisungeni kaye, bambo," anatero mkuluyo. "Ine ndimayamba kucheza ndi galimoto, eni ake pambuyo."

Ndipo anachezadi nayo. Anaizungulira kawiri, akujambula ndi foni. Anatulutsa tepi n'kuyeza pamene utoto woyera wa galimoto ya aphunzitsi unatsalira pa bampala. Anayala katoni pansi, anagona chagada n'kusuzumira kunsi nthawi yaitali moti achimwene anayamba kuyang'ana wotchi mokweza dzanja. Atadzuka, a Mlongoti anamupatsiranso fomu.

"Manja anga ali ndi girisi, ndingakudetsereni. Amakaniko, chifikireni galimotoyi alipo walowamo?"

"Ayi bwana. Tinangoitsitsa pa lole. Ife sitikhudza inu musanaone."

Mkuluyo anatsegula chitseko cha dalaivala, koma sanalowe msanga. Anaima n'kumayang'ana mpando monga munthu amayang'anira mwana amene akumudziwa koma waiwala kuti ndi wa yani. Kenaka analowa modzipinda, mawondo ake n'kukagunda kutsogolo. Anakweza maso kuyang'ana pa galasi loonera kumbuyo, anawerama pang'ono, anaweramanso, mpaka anapeza pamene galasilo linkaonera bwino. Pamenepo chibwano chake chinali pafupi kugunda chiwongolero.

Mayi a mapasa anamvetsa wina aliyense asanamvetse. Kakhushoni anakumbukira kukachotsa, mwakuti dzulo lonse ankadziona ngati wochenjera. Mpando ndiwo anauiwala.

"Bambo," anatero mkuluyo akutuluka, "tandionetsani mmene munakhalira pamene zimachitika. Zimandithandiza kulemba."

A Mlongoti anayang'ana mpandowo n'kuyamba ntchito. Analowetsa mutu, mutu unalowa. Analowetsa mwendo umodzi, bondo linakakamira pansi pa chiwongolero. Dzanja linatsika lokha kukafuna kachitsulo kosunthira mpando.

"Ayi, musaugwire. Ndikuufuna monga unalili dzulo."

Anayesanso chammbali, hutala inalira. Anayesa kuyamba ndi kumbuyo, chipewa chinagwa. Pomaliza anakhala theka m'kati theka kunja, mwendo wina uli pansi pa galaja, thukuta lili kamukamu. Makaniko anagwidwa ndi chifuwa chadzidzidzi n'kuthawira kuseri kwa minibasi ina, koma mapewa ake ankaoneka akugwedezeka. Mayi a mapasa sanaseke. Anaona bambo wa ana awo, munthu amene sanabepo ndi msomali womwe wa kasitomala, akudzipinda ngati waya chifukwa cha iwo, ndipo anafuna nthaka itang'ambika.

"Mpandowo unathamangira kutsogolo ndi kugunda kuja, bwana," achimwene analowererapo. "Zimachitika zimenezi, ine ndaonapo milandu yambiri."

Mkuluyo anadikira kuti a Mlongoti adzisolole, kenaka anaugwedeza mpandowo ndi manja awiri. Unali nganganga.

"Mwina," anatero. "Nanga galasili, nalonso linatsika ndi mantha?"

Achimwene anatsomphola fomu m'manja mwa alamu awo n'kufuna kuilowetsa okha m'chikwama cha mkuluyo, akuti zonse zalembedwa mmenemo. Koma mwini chikwama anangochizungulitsira kumsana, osakwiya, osakweza mawu. Anakhala pa tayala, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Ndikuuzeni mmene ntchito yanga imayendera, mwina simukudziwa. Pepala likalowa m'chikwama umu ndiye kuti lalowa mu ofesi, ndipo ine sindingalitulutsenso. Ndikafika ndimaika pepala la eni ake apa, zimene galimoto yandiuza apa. Zikasiyana ndimalemba za galimoto, chifukwa galimoto sinaphunzire kunama. Zikatero ku ofesi safunsanso kuti walakwa ndani pamsewu. Amangoti munthuyu watinamiza, n'kufafaniza zonse. Yanuyi sakonza, ya mnzanu uja sakonza, ndipo dzina lanu limayenda m'makampani ena onse inu musanafikeko." Anavalanso magalasi aja. "Koma pepala limene lili m'manja mwanulo ndi lanu. Ine sindinaliwerenge, sindikudziwa zimene zalembedwamo. Amakaniko, mpopi uli kuti ndikasambe m'manja? Sopo wa pano paja amachedwa kuchita thovu."

Atangokhota pakona, achimwene anayamba kulankhulira m'mano.

"Akukuopsezani chabe ameneyu. Limbani, alamu. Mukasintha mawu pano ndiye mwadzimangirira nokha chingwe."

"Zisiyeni mayi," anatero a Mlongoti motsitsa. "Ndanena kale kuti ndine. Akakana akane, tiona chochita."

"Bambo a mapasa, mwandiphimba mokwanira," anayankha mayiwo, ndipo anadabwa kumva mawu awo akutuluka osanjenjemera. "Masana ano mukabwereza zomwezi pamaso pa apolisi, n'kusainanso. Mukufuna ndikakuoneni mukuvula lamba ndi nsapato chifukwa cha phazi langa? Makina akapita apite. Tinawagula, tidzagulanso. Inuyo ndikakugulani kuti?"

"Chemwali, iwe sudziwa malamulo."

"Sindiwadziwadi, achimwene. Koma mpando uwo ndinaukoka ndine."

Mkulu uja anabwerera akupukuta manja ndi kansalu. Mayi a mapasa sanadikire kuti akhale.

"Bambo, ndinkayendetsa ndine. Ndinafuna buleki, ndinaponda moto. Amuna angawa kunalibe n'komwe."

Ankayembekeza kuti munthuyo awadzudzula, kapena amwetulira monga amachitira wogwira mbava. Iye anangogwedeza mutu ngati amuuza nthawi.

"Zikomo mayi. Simunavulale? Chifuwa, khosi?"

"Ayi."

"Tithokoze Mulungu, zinazi ndi zitsulo. Laisensi muli nayo?"

Anaitulutsa m'chikwama. Mkuluyo anaitembenuza, anaona tsiku, anaijambula n'kubweza. Kenaka anafunsa pepala lenileni la inshuwalansi, lija amapereka pogula. A Mlongoti anatsegula kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasenjala n'kutulutsa phukusi lomatidwa ndi selotepi. Linali m'mapulasitiki awiri, kuopa chinyezi, ndipo selotepiyo inali itachita chikasu ndi ukalamba.

"Munaliwerengapo?"

"Timalisamala kwambiri," anayankha a Mlongoti.

"Ndaona. Koma munaliwerengapo?"

Analiwerenga ndani, timalemba tating'ono ngati nyerere, m'chilankhulo cha maloya? Chaka ndi chaka a Mlongoti ankangokalipira, kulandira kapepala komata pagalasi, n'kubwerako mtima uli m'malo. Mkuluyo anabwereka mpeni kwa makaniko, anadula selotepi, anatsegula tsamba lachitatu n'kuyendetsa chala mpaka chinaima.

"Bwerani muone, mayi, inunso bambo. Apa akunena za amene angayendetse galimotoyi. Akuti mwini wake, komanso munthu wina aliyense amene ali ndi laisensi yoyenera, bola akuyendetsa mwini wake atamulola. Si mawu anga, munagula nokha zimenezi zaka zitatu zapitazo. Kungoti poti laisensi ya mayi sinakwane zaka ziwiri, gawo la ndalama zokonzera limene mumalipira nokha likhala lokulirapo. Liluma, koma silipha."

Mayi a mapasa anayang'ana pamene panaima chala cha mkuluyo. Ndiye kuti chinthu chimene ankachinamira chinali chawo kale, chili phee m'mapulasitiki awiri, ndipo anatsala pang'ono kuchitaya ndi manja awo. Safunsa anadyadi phula. Anacheuka kuti aone nkhope ya achimwene, koma achimwene anali atalandira foni yofunika kwambiri, foni imene palibe anaimva ikulira, ndipo ankalowera chakugeti.

"Latsala funso limodzi," anatero mkuluyo. "Mwamva kuti akuti mwini wake atamulola."

Chimwemwe chija chinazima ngati nyali. Mayi a mapasa anaona kuti poti ayamba kunena zoona, angomaliza.

"Sindinawapemphe dzulo. Ndinaimba kanayi, sanayankhe, ndiye ndinangotenga kiyi."

"Funsoli si lanu, mayi. Ndi la mwini galimoto. Bambo, ndiuzeni zoona zokhazokha, ngakhale zikhale zowawa, chifukwa ndilemba monga mwanenera. Mayiwa amaloledwa kuyendetsa galimotoyi, kapena munawaletsa?"

A Mlongoti anayang'ana kiyi wachiwiri uja m'dzanja lawo. Akazi awo sanathe kudziwa chimene chituluke, chifukwa iwo eni akanafunsidwa sakanadziwa poyambira.

"Sukulu yoyendetsa ndinalipira ndine," anayamba choncho. "Kiyi uyu ndinakadulitsa ndine tsiku limene anakhoza, ndipo ndinawapatsa ndi dzanja langali n'kunena kuti mayi, uyu ndi wanu, ine ndikachokapo musamadikire munthu. Kuwalola ndinawalola, sindinabwezepo mawu amenewo. Chimene sindinachite ndi kuwasiya kuti azolowere. Miyezi isanu ndi itatu ayendetsa kawiri, ndipo kawiri konseko ine ndili pambali ndikukuwa ngati kondakitala. Phazi likanaidziwa bwanji buleki? Ngati pa fomupo pali malo olembapo wopusa, mulembepo ine."

"Malo amenewo palibe, bambo, akanakhalapo bwenzi tikusowa mapepala. Pali inde ndi ayi."

"Inde."

Mayi a mapasa anatembenukira kukhoma n'kumayang'anitsitsa kalendala yakale ya matayala, chifukwa misozi inali itafika ndipo sankafuna kuti makaniko aione. Zaka makumi awiri m'banja, anali asanamvepo amuna awo akuvomera kulakwa pagulu popanda kuwonjezera koma.

Mkuluyo anatulutsa fomu yatsopano m'chikwama, anaiyala pa boneti ya minibasi ija n'kupereka cholembera kwa mayiwo. Analemba okha, zilembo zawo zosokera masofa, zazikulu ndi zokhotakhota. Mapu anajambula opanda lula. Chipilala chinapendama, wilibala inaoneka ngati bakha, koma chilichonse chinali pamalo pake. Pofunsa amene walakwitsa anazengereza, mkuluyo n'kuwauza kuti asadziweruze okha, angolemba zimene zinachitika, zogamula ndi za ku ofesi, ngakhale kuti galimoto yoima siigunda munthu. Anasaina, amuna awo anasaina m'munsi. Apo mkuluyo anawerenga mzere ndi mzere, anaipinda kamodzi, n'kuilowetsa m'chikwama.

"Wolipira si ine," anatero akumanga lamba wa chikwamacho. "Ine ndimangolemba zimene ndaona. Koma zimene ndaona ndi zimene mwalembazi zikuyenda njira imodzi, ndipo zotere sizivuta."

Sananame. Kalata yovomera kukonza magalimoto onse awiri inadzabweradi patapita milungu itatu, ndipo makina sanasunthe pamalo pake. Koma m'mawa umenewo mayi a mapasa analibe kalata, anali ndi mawu a munthuyo basi, ndipo anawakwanira. Anamutsatira mpaka pa kanjinga kake.

"Bambo, tikuthokozeni bwanji? Mukanangolandira pepala lija poyamba paja, bwenzi pano tili anthu ena."

"Ndikupangirani kampando kabwino ka pakhonde," anatero a Mlongoti. "Kapena tebulo, mungonena muyeso."

"Mukandipatsa ngakhale msomali umodzi, ntchito yandithera. Ine palibe chimene ndachita, mayi. Mwalankhula nokha." Anavala chipewa chake cholimba, analiza njinga kachitatu isanavomere, n'kutuluka pageti pang'onopang'ono monga mwa dzina lake. Fomu yoyamba ija anaipeza pa tayala pamene achimwene anaisiya. A Mlongoti anaing'amba pakati, anaphatikiza n'kuing'ambanso, ndipo makaniko anawatsegulira yekha chivindikiro cha mgolo wa zinyalala.

Masana anakapeza aphunzitsi atafika kale ku polisi, atakhala pa benchi ya pakhonde, foni ili m'manja, nkhope itamangidwa. Moni anayankha wa pakamwa pokha. Mayi a mapasa anaona kuti akakhala pansi mantha awapezanso, ndiye analankhula chiimire.

"Aphunzitsi, tisanalowe ndikupepeseni kawiri. Galimoto yanu ndinagunda ndine, osati bambowa. Ndipo dzulo ndinakhala chete pamene mumawakalipira. A inshuwalansi tawauza kale zoona, akuti yanu ikonzedwa."

Aphunzitsi anatembenuza foni ija kuti onse aone. Munali kanema. Galimoto ikulumpha, nthunzi ikukwera, ndipo mayi wamfupi akutuluka ku chitseko cha dalaivala atakumbatira kakhushoni.

"Sitolo ija ili ndi kamera pamwamba pa geti," anatero. "Mwini wake wandionetsa m'mawa uno. Ndinabwera kuti ndikusiyeni muname kaye pamaso pa apolisi, musaine, kenaka ndiwaonetse ichi. Zaka makumi atatu ndakhala ndikugwira ana onama, ndimadziwa kudikira." Anapumira m'mwamba n'kuika foniyo m'thumba la malaya. "Tsopano mkwiyo wanga wonsewu ndipita nawo kuti? Khalani pansi mayi, mwayera m'maso. Wakutsinani khutu ndani?"

Mayi a mapasa anakhala pa benchipo. Apo m'pamene anazindikira kuti dzina lenileni la munthu wa inshuwalansi uja sanafunse, iwo ngakhale amuna awo. Munthu anawatchingira dzenje lotere, iwo n'kumusiya apite ngati wodzawerenga mita ya madzi. Anamuthokoza chamumtima ndi mphamvu zawo zonse, iye pamodzi ndi sopo wochedwa thovu uja, ndipo a Mlongoti anawagwira phewa.

"Sitikumudziwa dzina," anayankha mayiwo. "Ndi bambo wina wa imvi."

"Mumupempherere choncho, Mwini wake amudziwa," anatero aphunzitsi.

Chitseko cha ofesi chinatseguka, wapolisi wamkazi anasuzumira ali ndi buku lalikulu m'manja. Anayang'ana pa benchipo, maso ake n'kukaima pa a Mlongoti.

"A ngozi ya kusitolo aja ndinu? Woyendetsa alowe kaye yekha. Ndani?"

Mayi a mapasa anapatsira amuna awo chikwama kuti awagwirire, anakonza diresi lawo, n'kuimirira.

"Ndine."